Kulowa kalabu yothandiza anthu ku Zomba: poyambira, zofunsa ndi kagwiridwe ka ntchito

Mbande yobzalidwa mu Januwale m'mbali mwa mtsinje wa Likangala imafuna munthu woipalira mu Malichi, woitchinga ku mbuzi mu Juni, ndi wolambula udzu mu Julayi moto usanayambe. Tsiku lobzala anthu amabwera ambiri, ena ndi matisheti atsopano. Mu Juni sapezeka. Ntchito yodzipereka imaima kapena kugwa pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu, ndipo zonse zili m'munsimu zikuchokera pamenepo: kusankha gulu lomwe limabwerera pomwe linayamba ntchito, ndi kukhala membala amene amabwerera.

Musanafunse za gulu lililonse, tengani pepala muwerengere nthawi yanu. Kalabu yomwe ikuyenda bwino imakumana kawiri pa mwezi kapena kuposera apo, msonkhano uliwonse ola limodzi kapena awiri, kuphatikizapo Loweruka limodzi la ntchito yakunja. Mukawonjezera ulendo, ndi maola 8 mpaka 12 pa mwezi. Ngati mumakhala ku Thondwe, ku Songani kapena ku Jali ndipo misonkhano imachitikira m'tauni madzulo, werengerani ndalama ya minibasi kapena kabaza, komanso nthawi yomwe galimoto zimasiya kuyenda. Anthu ambiri amene amasiya magulu sasiya chifukwa cha mtima woipa. Amasiya chifukwa analonjeza nthawi yomwe analibe.

Magulu ake ndi ati

Pali makalabu a dziko lonse lapansi monga Rotary ndi Lions. Rotary inayamba mu 1905 mumzinda wa Chicago, woyambitsa wake ndi Paul Harris. Lions inayambira mumzinda womwewo mu 1917 kudzera mwa Melvin Jones. Rotary imadziwika ndi nkhondo yomwe inayambitsa mu 1985 yolimbana ndi poliyo, ndipo makalabu a m'Malawi ali m'chigawo cha 9210 pamodzi ndi a ku Zambia, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique. Lions imadziwika kwambiri ndi ntchito ya maso. Kale anali magulu a abambo okha, koma Lions inatsegulira amayi mu 1987 ndipo Rotary mu 1989. Makalabu amenewa amatenga anthu a ntchito zosiyanasiyana mwadala, kuti pakhale wodziwa za ndalama, wodziwa zomangamanga, namwino, mphunzitsi, wamalonda. Achinyamata ali ndi mbali zawo: Rotaract ya oyambira zaka 18, Interact ya zaka 12 mpaka 18, ndi Leo yomwe ili pansi pa Lions. Pa masamba a intaneti a mabungwe awiriwa pali pofufuzira kalabu yomwe ili pafupi nanu pamodzi ndi tsiku lomwe imakumana.

Red Cross ndi ya mtundu wina. Ndalama ya umembala ndi yochepa, ndipo chomwe imafuna kwambiri ndi thupi lanu ndi nthawi yanu. Imaphunzitsa chithandizo choyamba ndipo imatumiza anthu ake pakagwa ngozi. Kwa munthu wokhala kumunsi kwa boma lino, kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji komwe mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Thondwe imakathera m'nyanja ya Chilwa, maphunziro amenewa si okongoletsa. Amene anaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa.

Ndiye pali magulu omwe ali pakhomo penipeni, amene anthu ophunzira amakonda kuwadumpha: makalabu a achinyamata olembetsedwa ku ofesi ya achinyamata ya boma, magulu a amayi a m'matchalitchi ndi m'mizikiti, komiti ya sukulu, gulu la amayi losamalira atsikana pasukulu, komiti ya mjigo, sukulu yamkombaphala, gulu lachitetezo cha m'dera. Ife timawaika patsogolo kwa munthu amene akuyamba kumene. Safuna suti, safuna ndalama zakunja, ndipo zotsatira za ntchito yanu mumazidutsa m'mawa uliwonse popita kuntchito. Adzukulu akumanda ndi amayi ophika pamaliro akhala akugwira ntchito yodzipereka kuyambira kale, mawu oti volontiya asanafike.

Yesani gulu musanalowe

Pitani ngati mlendo ku misonkhano 3. Umodzi sukwanira chifukwa mlendo amalandiridwa bwino paliponse. Pa msonkhano woyamba ingoyang'anani: wayamba nthawi yake? Mlembi wawerenga zomwe anagwirizana ulendo watha? Pali amene wafunsidwa za ntchito yomwe anapatsidwa? Pa wachiwiri muone ngati msungichuma amanena ndalama zolowa ndi zotuluka ndi manambala ake, kapena amangoti "thumba lili bwino". Pa wachitatu pemphani kuona malamulo a gulu olembedwa, ndipo funsani kuti chisankho chomaliza chinachitika liti.

Funso lomwe limaulula zambiri ndi ili: "Ntchito yomwe munagwira chaka chatha ili kuti, ndingakaione?" Kenako mupitedi. Ngati anakonza mjigo, upopeni. Ngati anapereka mabuku pasukulu, funsani aphunzitsi ngati ali m'manja mwa ana kapena atsekeredwa m'kabati. Ngati anabzala mitengo, werengani yamoyo. Gulu labwino limakondwa ndi funso limeneli, ndipo limakuuzani lokha zomwe zinalephereka.

Pali zizindikiro zomwe mukaziona mubwerere. Wapampando amene wakhalapo zaka zambiri popanda chisankho. Ndalama za gulu zomwe zimalandiridwa pa nambala ya foni ya munthu mmodzi. Gulu lomwe limadzuka chaka cha chisankho chokha ndipo zinthu zake zimabwera ndi nsalu za chipani. Ndiponso aliyense amene akukuuzani kuti mulipire ndalama kuti akulembeni ngati wodzipereka pa ntchito yomwe akuti idzakhala ndi malipiro patsogolo. Ameneyo ndi wakuba, ndipo achinyamata omaliza sukulu ndi amene amagwa m'dzenje lake kawirikawiri.

Kalowedwe ndi ndalama za umembala

Ku Rotary ndi Lions munthu amalowa poitanidwa. Membala mmodzi amakutengani ngati mlendo wake, n'kupereka dzina lanu ku komiti. Komiti ikavomera mumadzaza fomu, kulipira ndalama yolowera, kenako amakulandirani pamaso pa onse n'kukuvekani kabaji. Ngati simudziwa membala aliyense, lemberani mlembi wa kalabu kuti mukufuna kudzacheza. Palibe cholakwika pamenepo. Koma funsani za ndalama poyera musanavomere. Zimakhala m'magawo atatu, ya kalabu, ya chigawo ndi ya kulikulu, ndipo ya kulikulu imawerengedwa m'madola, kawiri pa chaka, mu Januwale ndi mu Julayi. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo imakwera usiku umodzi. Onjezerani chakudya cha pamsonkhano ngati amakumana pamalo odyera, ndi zopereka za apa ndi apo. Ngati simungakwanitse, nenani. Makalabu ambiri amalandira anthu othandiza pa ntchito zawo ngakhale si mamembala.

Ku Red Cross mumapita ku ofesi yawo ya m'boma kapena kwa wapampando wa nthambi ya kwanuko, mulembetse, mulipire, mulandire khadi. Ku magulu a m'dera kalowedwe n'kosavuta, koma makomiti ena monga ya sukulu ndi ya chitukuko cha m'mudzi amasankhidwa pa msonkhano wa anthu onse, kotero simungangofika n'kukhala pampando. Yambani ndi kuthandiza, anthu akuoneni.

Miyezi 6 yoyamba musalandire udindo waukulu, ngakhale akukakamizeni. Magulu otopa amakonda kusenzetsa mlendo ulembi pa msonkhano wachiwiri. Tengani kantchito kamodzi komwe kali ndi tsiku lomalizira, monga kutenga mitengo ya penti m'masitolo 3 kapena kulemba mayina a obwera ku ntchito, mukamalize pa nthawi yake. Nenaninso luso lanu lenileni. Kalipentala amene akungonyamula njerwa pomwe madesiki 40 ali othyoka kuseri kwa kalasi akuwononga mwayi wa gulu.

Kulowa m'dera

Ntchito zambiri zimafera apa. Kalabu imakhala m'tauni n'kugwirizana kuti mudzi wakutiwakuti ukufunika chakuti, n'kufika ndi galimoto Loweruka m'mawa. Anthu amalandira, amaimba, amathokoza, ndipo chinthucho chimakhala cha kalabu mpaka kalekale. Chikawonongeka amadikira eni ake.

Njira yake ndi yodziwika. Kumidzi yambani ndi anyakwawa, iwo akufikitseni kwa a gulupu, ndipo ngati ntchito ndi yaikulu, kwa mfumu yaikulu ya deralo, kaya ndi Chikowi, Malemia, Mlumbe kapena ena. Pambali pa mafumu pali komiti ya chitukuko cha m'mudzi, VDC, ndi ya dera lonse, ADC. Makomiti amenewa amakhala kale ndi mndandanda wa zosowa zomwe anthu anagwirizana, ndipo ndi bwino kusankha ntchito yanu pa mndandanda umenewo kusiyana ndi kubwera ndi yanu. M'tauni, ku Chinamwali, Matawale, Chikanda, Sadzi kapena Mpondabwino, onanani ndi khansala ndi mafumu a m'malokeshoni. Kumbukirani kuti Zomba ili ndi makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma, ndipo kalata yopita kolakwika imagona milungu. Ntchito iliyonse ilinso ndi mwini wake ku boma: za sukulu zimadutsa kwa aphunzitsi aakulu ndi mlangizi wa maphunziro wa zoni, za umoyo kwa alangizi a zaumoyo a m'deralo, za ana ndi okalamba ku ofesi yosamalira anthu, za mitengo kwa alangizi a zankhalango.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi: ndinu ndani, mukufuna kuchita chiyani, kuti, liti, ndi ndalama zochokera kuti, ndipo mukupempha chiyani kwa iwo. Sungani kope lodindidwa.

Kwa afumu pitani anthu awiri kapena atatu, osati gulu lonse. Lonjerani, khalani pansi, dikirani akufunseni chomwe mwadzera. Musalonjeze chinthu chomwe ndalama yake sinafike m'manja. Nenani kuti mwabwera kudzamva, mukakambirana ndi anzanu. Mawu oti "tiona" amamveka ngati lonjezo, ndipo adzakukumbutsani patapita zaka.

Posankha tsiku, kumbukirani kuti Zomba ndi ya zipembedzo zosakanikirana. Lachisanu masana Asilamu ali ku mzikiti, Loweruka ena ali ku tchalitchi, ndipo m'mwezi wa Ramadan ntchito yolemetsa ya masana komanso phwando la chakudya sizikhala bwino. Nyama yophikira gulu ikhale yozingidwa moyenera, ndipo ya nkhumba isayandikire mphika. Pewani tsiku la msika wa m'deralo ndi milungu yoyamba ya mvula pomwe aliyense ali kumunda. Kukagwa maliro ntchito imaima. Musaumirire, pitani mukakhale nawo pasiwa, mudzapangane tsiku lina.

Kubzala mitengo, ntchito yomwe aliyense amaiyamba

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, koma amene akubzala mu Malichi wachedwa. Mbande imafuna miyezi iwiri kapena itatu ya mvula kuti mizu igwire, kotero nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Disembala ndi Januwale, nthaka itanyowa bwino. Izi zikutanthauza kuti ntchito imayamba mu Julayi kapena Ogasiti ndi nazale.

Funso loyamba si la mtundu wa mtengo ayi, koma la malo. Ndi a yani, ndipo mitengo ikakula idzakhala ya yani? Zimenezi zilembedwe, afumu asaine. Mitengo yobzalidwa pamalo opanda mwini imadyedwa ndi mbuzi, ndipo yobzalidwa m'munda wa munthu osamufunsa imazulidwa ndi khasu nthawi yopalira.

Kenako mtundu. M'mbali mwa mtsinje bzalani mbawa, katope, mkuyu ndi nsungwi, ndipo pomwe gombe likugumuka onjezerani mizere ya vetiva. Bulugamu asayandikire mtsinje, dambo kapena chitsime chifukwa amamwa madzi kwambiri. Wa nkhuni ndi milimo ndi keshya ndi mtangatanga. Wa m'munda wobwezeretsa chonde ndi msangu ndi gilisidiya. Pasukulu ndi pakhomo sakanizani ndi ya zipatso monga mango, mapeyala ndi magwafa, chifukwa mtengo womwe anthu akuyembekezera kudya amauthirira okha. Zomba ili ndi mwayi womwe maboma ena alibe: nthambi ya boma yofufuza za nkhalango, FRIM, ili mumzinda momwemu, ndipo kumeneko mungapeze mbewu ndi malangizo a kafesedwe kake.

Pa nazale, dzazani machubu ndi dothi la pamwamba losakaniza ndi manyowa owola bwino ndi mchenga pang'ono. Mbewu za khungu lolimba monga msangu ndi keshya zimafuna kuzidula pang'ono kumbali kapena kuziviika m'madzi usiku wonse, apo ayi zimamera mochedwa komanso mosiyana. Mbewu ya mbawa sichedwa kufa, ifeseni ikadali yatsopano. Milungu iwiri kapena itatu iliyonse sunthani machubu kuti mizu isalowe pansi, chifukwa mbande yomwe yazika mizu m'nazale imafota mukaizula. Kwatsala mwezi kuti mubzale, chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zizolowere dzuwa. Fesani zoposa zomwe mukufuna ndi 1 pa 5 iliyonse, za kupakiza.

Maenje akumbidwe tsiku lobzala lisanafike. La mtengo wamba likhale masentimita 30 m'lifupi ndi 30 kuya, la mtengo wa zipatso masentimita 60. Dothi la pamwamba liikidwe mbali ina, la pansi mbali ina, ndipo pokwirira la pamwamba libwerere koyamba. Pa nkhalango ya nkhuni talikitsani mamita 2 mpaka 3. Pa mamita 2.5 mbali zonse hekitala imodzi imalowa mitengo 1,600. Msangu wa m'munda umafuna mamita 10. Pobzala ng'ambani chubu n'kuchichotsa. Zikuoneka zosafunika kunena, koma pa tsiku la anthu ambiri mbande zochuluka zimakwiriridwa ndi pulasitiki yake, mizu n'kumazungulira mkati mpaka kufa. Kwirirani mpaka pomwe dothi la m'chubu linalekezera, tsenderani ndi phazi, siyani kabeseni kogwira madzi, ndipo tolerani machubu onse.

Chiwerengero chichokere pa anthu osamalira, osati pa mbande zomwe mwapatsidwa. Gulu la anthu 20 lingasamale mitengo 500 bwinobwino. Likabzala 5,000 likubzalira chiswe. Pakatha milungu itatu bwererani mukapakize pomwe zafa. Palirani kawiri mvula isanathe. Mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola, mtengo uliwonse wa pamalo oonekera ukhale utatchingidwa ndi minga kapena nsungwi. Mu Juni ndi Julayi lambulani mkwasa wa mamita 3 kapena kuposa kuzungulira malo onse, chifukwa moto wa osaka mbewa umatha ntchito ya chaka m'mphindi zochepa. Mu Okutobala werengani yamoyo, ndipo nambala imeneyo ndiyo ilowe mu lipoti.

Mijigo

Musathamangire kukumba watsopano. M'midzi yambiri muli mijigo ya mtundu wa Afridev yomwe inaima chifukwa cha tizipangizo ta labala ndi pulasitiki totsika mtengo: U-seal, bobini, O-ring ndi mabushi a pa chogwirira. Kuyesa kwake n'kosavuta. Popani maulendo 40 athunthu pa mphindi imodzi, madzi agwere m'ndowa. Mjigo wabwino umapereka malita pafupifupi 16. Akapanda kufika 10, china chatha mkati. Kenako usiyeni mphindi 30, muwerenge maulendo omwe mupope madzi asanatuluke. Akapitirira 5, madzi akuthawa pansi, mwina pa valuvu kapena pa paipi yong'ambika. Chogwirira chikamagwedera cham'mbali kapena kulira, mabushi atha.

Gwirani ntchito ndi mekaniki wa mijigo wa m'deralo komanso ofesi ya zamadzi, ndipo komiti ya mjigo ikhalepo pokonza kuti iphunzire. Ngati komiti inafa, kuidzutsa ndiyo ntchito yeniyeni: buku la zopereka za pamwezi za banja lililonse, msungichuma wodalirika, ndi tizipangizo tosungira. Kalabu ikangokonza n'kuchoka, chaka chamawa mjigo udzaimanso pa kalabala komweko. Onaninso ngalande ndi dzenje lomwera madzi otayika, ndipo chimbudzi kapena khola zisakhale pafupi kuposa mamita 30.

Magazi, zipatala ndi ndende

Kukonza tsiku lopereka magazi ndi ntchito yomwe kalabu yaing'ono ingakwanitse popanda ndalama zambiri. Lemberani a Malawi Blood Transfusion Service, omwe ali ndi nthambi ku Balaka, mugwirizane tsiku. Inu mupeze chipinda choyera chokhala ndi mipando ndi malo obisika ofunsira mafunso, ndipo muitane anthu. Amalandira a zaka 16 mpaka 65 omwe ali ndi thanzi, amatenga mamililita 450, ndipo bambo angaperekenso pakatha miyezi 3, mayi miyezi 4. Uzani anthu adye asanabwere. Magazi amasowa kwambiri sukulu zikatsekera chifukwa opereka ambiri ndi ophunzira, kotero tsiku lanu likagwa pa holide limathandiza koposa.

Kukaona odwala ku Zomba Central Hospital, ku chipatala cha matenda a maganizo kapena akaidi ku ndende kumafuna chilolezo cholembedwa. Funsani akuluakulu a pamalopo chomwe chikusowa ndi chomwe chimaloledwa kulowa musanagule kanthu. Funsaninso chiwerengero cha anthu m'wodi, chifukwa kufika ndi sopo 30 pomwe pali mabedi 45 kumasiya chisoni choposa chomwe munachipeza. Musaiwale odikirira odwala omwe amagona panja. Kawirikawiri ufa ndi nkhuni zimawathera iwo.

Madzi akasefukira

Pa ngozi, mtima wofuna kuthandiza umathamanga kuposa nzeru. Musapite ku msasa mwa inu nokha. Dziwitsani ofesi ya bwanamkubwa yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ikuuzeni msasa womwe sunafikiridwe, chifukwa misasa ya m'mbali mwa msewu wa tala imalandira kangapo pomwe ya kutali, cha ku Chilwa, ikudikirabe. Gawani potsata kaundula wa komiti ya msasa, itanani mayina, aliyense asaine kapena kudinda chala. Kugawa kuchokera pamwamba pa lole kumapatsa anyamata amphamvu, agogo n'kubwerera chimanjamanja. Zovala zisankhidwe ndi kumangidwa m'mitolo ya ana, amayi ndi abambo musananyamuke. Zomwe zimaiwalika ndi ndowa zovundikira, sopo, zofunda, miphika ndi zovalira amayi akakhala kumwezi. Kolera imatsata misasa, ndiye madzi akumwa athiridwe mankhwala motsata muyezo wa pabotolo kapena wa alangizi a zaumoyo, n'kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo wotsegula m'mimba kwambiri athamangitsidwe kuchipatala akumwa m'njira.

Ana ndi zithunzi

Pa ntchito iliyonse yokhudza ana pakhale akuluakulu awiri nthawi zonse, pamalo oonekera. Musatenge mwana pa galimoto kapena kunyumba kwanu nokha, ndipo musamalemberane ndi mwana wasukulu pa foni mwamseri, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Mwana akakuuzani za nkhanza, mvetserani, musamulonjeze kuti musunga chinsinsi, ndipo musayambe kufufuza nokha. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO kuchokera ku Zomba konkuno, kapena pitani ku ofesi yosamalira anthu kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa.

Za zithunzi tinene mosabisa. Kujambula mayi wokalamba atagwada kulandira thumba la ufa n'kuika pa Facebook ndi kumulipiritsa ufawo ndi ulemu wake. Pemphani chilolezo, ndipo wokana alandirebe. Odwala, akaidi ndi ana amasiye musaonetse nkhope zawo kapena kutchula matenda awo. Amene anapereka ndalama amakhutira ndi chithunzi cha mjigo ukutuluka madzi pamodzi ndi malisiti.

Ndalama za gulu ndi nkhani ya alawansi

Gulu likhale ndi akaunti ya ku banki m'dzina lake, osainira 3, ndipo ndalama izituluka awiri akasaina. Ngati mukulandira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala ikhale ya gulu, ndipo mauthenga ake awerengedwe pa msonkhano. Chogula chachikulu chilichonse chikhale ndi mitengo ya m'masitolo 3. Wogula asakhale yemweyo wosunga buku. Pogula kumsika komwe kulibe lisiti, wogulitsa asaine m'kabuku. Ndalama yomwe munthu anapereka ya madesiki igule madesiki. Mukafuna kuisintha ntchito, kamufunseni kaye. Ndalama ya ntchito isabwerekedwe kwa membala ngakhale pa maliro, chifukwa ngongole zotere sizibwerera ndipo zimathetsa ubale. Za mavuto a mamembala pangani thumba lina. Pa bajeti iliyonse patulani 1 pa 10 ya ndalama kuti ikhale yokonzera ndi kuyendera ntchitoyo chaka chotsatira.

Alawansi ndi nkhani yomwe imaphwanya magulu mwakachetechete. Anthu anazolowera kuti msonkhano wa bungwe umathera pa kusaina, ndiye ena amabwera akuyembekezera zomwezo. Nenani pa tsiku loyamba, pamaso pa afumu, kuti palibe malipiro. Koma kusalipira sikutanthauza kuti wosauka adzilipirire ulendo. Bwezani ndalama yeniyeni ya thiransipoti, perekani chakudya ngati ntchito ipitirira masana, ndipo muyezo ukhale umodzi kwa onse. Mukalipira mudzi umodzi n'kusiya wina, nkhani imafika tsiku lomwelo. Kumbukiraninso kuti mawu oti thangata, ntchito yokakamiza ya m'maesiteti nthawi ya atsamunda, sanaiwalike kuno kum'mwera. Ntchito yomwe anthu akakamizidwa ndi chindapusa cha afumu, pomwe alendo aima pamthunzi ndi mabotolo a madzi, si yodzipereka. Mamembala a kalabu agwire makasu limodzi ndi eni mudzi.

Ngati kwanuko kulibe gulu

Yambani ndi anthu 10 mpaka 15 ndi ntchito yosafuna ndalama. Tsiku losesa lomwe boma linakhazikitsa mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, ndi poyambira pabwino, makamaka kutsegula ngalande mu Okutobala mvula isanagwe. Panganani ndi khonsolo za galimoto yonyamula zinyalala musanayambe, apo ayi milu yomwe mwaunjika idzabwerera m'ngalande ndi mvula yoyamba. Mukatha miyezi 6 mukukumanabe, lembani malamulo: cholinga, umembala, maudindo, kutalika kwa nthawi ya udindo, kasungidwe ka ndalama, ndi komwe katundu adzapite gulu likadzatha. Tengani malamulowo, mayina a mamembala ndi kalata ya afumu kupita nazo ku ofesi ya achinyamata kapena yosamalira anthu kuti mulembetse. Banki idzafuna mapepala omwewo pamodzi ndi zomwe munagwirizana pa msonkhano wosankha osainira.

Udindo ukhale wa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ku Rotary atsogoleri amasintha pa 1 Julayi chaka chilichonse, ndipo n'chifukwa chake kalabu siifa ndi munthu mmodzi. Nthawi yanu ikatha, kapena mukasamutsidwa pa ntchito, kapena mwangotopa, nenani kudakali mwezi umodzi. Perekani kwa wolowa m'malo, pamaso pa mboni ziwiri, buku la ndalama, malisiti, chidindo, makiyi, manambala achinsinsi a foni ya gulu, ndi pepala lolembapo malonjezo onse omwe sanakwaniritsidwe. Kenako mutengeni mukamuonetse kwa afumu ndi kwa komiti ya mjigo, kuti adziwe nkhope ya munthu amene adzabwere mu Juni.